Momwe Mungatsatire Nthawi ya Zokambirana za Bilu ya Zanyengo m'Nyumba ya Malamulo ya ku Britain

Pa 24 Juni 2019 aphungu a Nyumba ya Malamulo ya ku Britain anavomereza kuti pofika chaka cha 2050 dziko lawo lisamatulutse mpweya wotenthetsa dziko wochuluka kuposa umene lingathe kuchotsa mumlengalenga. Chigamulo chimenechi chimakhudza magetsi, galimoto, mafakitale, ulimi ngakhalenso momwe anthu amafunditsira nyumba zawo m'nyengo yachisanu, komabe nthawi imene malamulo a nyumbayo anapereka kuti aphungu achikambirane inali mphindi 90 zokha, ndipo panalibe phungu ndi mmodzi yemwe amene akanaloledwa kusintha liwu lililonse pa chikalatacho. Ine ndimagwirizana nacho chigamulocho ndi mtima wonse, pakuti tonse tikudziwa zimene anamondwe ndi chilala zikuchita kwathu, koma nkhaniyi imandikumbutsa kuti m'nyumba ya malamulo zambiri zimatha voti isanachitike. Amene wagwira wotchi ndi kalendala ndiye amasankha mfundo zimene zimveke ndi zimene zifere m'mapepala.

Malangizo awa ndalembera munthu amene akufuna kutsatira bilu ya zanyengo ku Westminster, kumene kuli Nyumba ya Malamulo ya ku Britain, ndi kulankhulapo pa nthawi imene mawu ake angaphule kanthu: mtolankhani, wophunzira zamalamulo, wogwira ntchito m'bungwe loona zachilengedwe, kapena m'bale wathu wokhala ku Britain. Ambiri sadziwa kuti nzika za mayiko a Commonwealth, kuphatikizapo Malawi, Zambia ndi Mozambique, zikakhala ndi chilolezo chokhala m'dzikolo zimatha kulowa m'kaundula wa zisankho ndi kuvotera phungu, kotero kuti phungu wa dera limene mukukhala ndi wanu ndithu, ndipo muli ndi ufulu womulembera kalata. Nayonso Nyumba ya Malamulo ya ku Lilongwe inatengera mwambo wa ku Westminster, wokhala ndi Sipikala, mtsogoleri wa zokambirana, kuwerenga bilu katatu ndi Hansard, buku lolembamo zolankhula za aphungu, choncho luso lowerenga ndondomeko ya nthawi limathandiza konsekonse, ngakhale kuti manambala a malamulo ndi maola amene nditchule pano ndi a ku London okha.

Yambani ndi kudziwa mwini nthawi

Nyumba ya aphungu osankhidwa, House of Commons, ili ndi mipando 650 ndipo imayendera malamulo ake otchedwa Standing Orders. Lamulo loyamba kulidziwa ndi la nambala 14, limene limanena kuti ntchito za boma ndizo zimatsogola tsiku lililonse limene nyumbayi yakumana, kupatula masiku owerengeka amene anapatulidwa. M'chaka chimodzi cha nyumbayi, chimene chimatsegulidwa ndi mawu a Mfumu, mbali yotsutsa boma imapatsidwa masiku 20, ndipo 17 mwa masikuwa ndi a chipani chachikulu chotsutsa. Aphungu wamba, amene alibe udindo m'boma kapena m'utsogoleri wa zipani, ali ndi masiku 35 amene amagawidwa ndi komiti yawo yotchedwa Backbench Business Committee, imene inakhazikitsidwa mu 2010. Palinso masiku 13 a Lachisanu okambirana mabilu amene aphungu abweretsa paokha. Nthawi yonse yotsala ili m'manja mwa boma.

Lachinayi lililonse pamene nyumba ikukumana, mtsogoleri wa zokambirana, amene ndi nduna ya boma, amaimirira n'kulengeza ntchito za sabata yotsatira, ndipo kawirikawiri amatchulanso zoyembekezeka za sabata inayo. Tsiku limeneli lilembeni pa kalendala yanu, chifukwa ndi pamene mungamve koyamba kuti bilu imene mukuitsatira yapatsidwa tsiku limodzi kapena awiri, kapenanso kuti sinatchulidwe n'komwe. Zimene amalengezazo zimakhala zitapanganidwa kale kuseri pakati pa aphungu osungitsa mwambo m'zipani, amene amatchedwa ma whip, ndipo zokambirana zawozo sizilembedwa mu Hansard. Mukamva kulengezako, tsegulani Order Paper, chikalata cha ntchito za tsiku ndi tsiku chimene chimaikidwa pa tsamba la intaneti la nyumbayi, ndipo muzolowere kuwerenga timizere ta pansi pa mutu uliwonse, timene timanena kuti zokambirana zikhoza kufika nthawi yanji ndiponso pansi pa lamulo liti.

Kuti muone momwe boma limakakamirira mphamvu imeneyi, kumbukirani za pa 19 Okutobala 2022. Chipani cha Labour, chimene pa nthawiyo chinali chotsutsa, chinagwiritsa ntchito tsiku lake kubweretsa pempho lakuti lamulo la nambala 14 liimikidwe kaye pa tsiku lina, kuti papezeke mpata wokambirana bilu yoletsa fracking, njira yotulutsa gasi pophwanya miyala ya pansi panthaka ndi madzi amphamvu. Aphungu ambiri a chipani cholamula cha Conservative sankaifuna njira imeneyi m'madera awo, koma anauzidwa kuti kuvotera pempholi n'chimodzimodzi kugwetsa boma. Pempholo linakanidwa ndi mavoti 326 kwa 230, m'chipwirikiti chachikulu, ndipo m'mawa mwake nduna yaikulu Liz Truss analengeza kuti akutula pansi udindo. Chimene chinali patebulo usiku umenewo linali funso lakuti ndani agawe nthawi ya nyumbayi, ndipo boma linalolera kuvulala kusiyana n'kutaya mphamvu imeneyo.

Musanapite patali, zindikirani kuti nkhani yanuyo yabwera m'chotengera chotani, pakuti chilichonse chili ndi wotchi yake. Ikhoza kukhala bilu ya boma, bilu ya phungu payekha, lamulo laling'ono limene nduna imapanga ndi mphamvu zochokera m'lamulo lalikulu, kapena pempho longofotokoza maganizo a nyumbayi. Lomalizali lisakusokonezeni. Pa 1 Meyi 2019 aphungu anavomereza pempho la Jeremy Corbyn, mtsogoleri wa Labour pa nthawiyo, lonena kuti dziko lili pangozi chifukwa cha kusintha kwa nyengo, ndipo nkhaniyo inamveka padziko lonse, koma pempholo silinakakamize boma kuchita kanthu kalikonse mwalamulo. Chimodzimodzinso zikalata zamadandaulo zimene anthu amasainira pa intaneti: zikafika masiginecha 10,000 boma limayankha, zikafika 100,000 zikhoza kukambidwa m'chipinda cha Westminster Hall, koma sizisintha lamulo.

Bilu ya boma: werengani pempho la ndondomeko mawu ndi mawu

Bilu ya boma ikawerengedwa kachiwiri, ndiko kuti aphungu akavomereza mfundo zake zikuluzikulu, nthawi yomweyo nduna imapereka pempho lotchedwa programme motion, ndipo kawirikawiri limavoteredwa popanda kukambirana. Njirayi inayamba moyeserera mu 1997, inakhazikika mu 2004, ndipo malamulo ake amayambira pa nambala 83A. Anthu ambiri amathimitsa kanema voti yaikulu ikangotha, osadziwa kuti pepala limene ladutsa m'mphindi imodzi pambuyo pake ndilo lidzalamulira moyo wonse wa biluyo. Pempho limeneli limasindikizidwa pa Order Paper ya tsiku lomwelo, choncho mukhoza kuliwerenga m'mawa zokambirana zisanayambe.

Mukalitsegula mudzapeza ndime zifupizifupi zokhala ndi manambala. Yoyamba imanena kumene bilu ikupita, kaya ku komiti yaing'ono yotchedwa Public Bill Committee kapena ku komiti ya nyumba yonse. Yachiwiri imatchula tsiku limene komitiyo iyenera kukhala itamaliza, ndipo tsiku limeneli lilembeni mwamsanga, chifukwa ndilo malire a mwayi wanu wotumiza umboni. Komiti zimenezi zimalandira umboni wolembedwa kuchokera kwa munthu aliyense kapena bungwe lililonse, ndipo umboni umene wafika komiti isanadutse ndime imene mukuidandaula ndi umene ungagwiritsidwe ntchito. Lembani mwachidule, tchulani nambala ya ndimeyo, nenani mawu amene mukufuna achotsedwe ndi amene alowe m'malo mwake. Aphungu a m'komiti amagawidwa molingana ndi kukula kwa zipani m'nyumba yonse, kotero boma silikonda kugonja kumeneko, koma zimene nduna yalonjeza poyankha zimalembedwa mu Hansard ndipo mukhoza kudzaikumbutsa patsogolo.

Ndime zotsatira ndi zimene zimafuna kudekha. Zimanena kuti gawo la lipoti, pamene bilu yabwerera m'nyumba yonse ndipo phungu aliyense angathe kupereka ganizo losintha ndime, lidzatha ola limodzi nthawi yoweruka isanakwane, ndipo kuwerenga kachitatu kudzatha pa nthawi yowerukayo. Nthawi yoweruka ndi 10 koloko usiku Lolemba, 7 koloko madzulo Lachiwiri ndi Lachitatu, ndi 5 koloko madzulo Lachinayi. Tsopano tengani pensulo muwerengere. Tiyerekeze kuti gawo la lipoti laikidwa Lachitatu. Nyumba imayamba 11:30 m'mawa ndi mafunso kwa nduna, 12 koloko nduna yaikulu imayankha mafunso kwa theka la ola kapena kupitirirapo, kenako pakhoza kubwera funso lachangu limene Sipikala walola, n'kutsatira chilengezo cha nduna chimodzi kapena ziwiri, chilichonse chodya pafupifupi ola. Mwina biluyo iyamba kukambidwa cha m'ma 3 koloko, ndipo 6 koloko gawo la lipoti latha. Tsiku limene linalengezedwa ngati lathunthu lasanduka maola atatu. Mavoti amene amatsatira, iliyonse yotenga pafupifupi mphindi 15 pamene aphungu akudutsa m'makonde awiri owerengera, amadya ola lija la kuwerenga kachitatu, mwakuti nthawi zina pamatsala mphindi zochepa chabe.

N'chifukwa chake muyenera kuyang'ana ngati pempholo lateteza nthawi. Likanena kuti zokambirana zidzatha patapita maola asanu ndi limodzi chiyambireni, ndiye kuti zilengezo za nduna sizingadye nthawiyo, ndipo nyumba idzapitirira ngakhale nthawi yoweruka itakwana. Likangotchula ola la pa wotchi, chilengezo chilichonse chimachotsa kanthu pa biluyo. Ngati muli ndi phungu amene amakumverani, chinthu choyamba kumupempha ndi chimenechi: afunse Lachinayi kuti gawo la lipoti lipatsidwe masiku awiri kapena maola otetezedwa. Boma likafuna kusintha ndondomeko limabweretsa pempho lachiwiri, ndipo nthawi zina pempho lotere limakambidwa, koma osapitirira mphindi 45.

Malire a nthawi amene amaikidwa m'kati mwa ndondomeko aphungu amawatcha mipeni, ndipo dzinali n'loyenera. Mpeni ukagwa, wapampando amadula amene akulankhula n'kuyamba kufunsa mafunso ovotera motsatana: funso limene linali kale patebulo, maganizo osintha bilu amene Sipikala wawasankha kuti avoteredwe paokha, ndi onse amene abwera ndi nduna, amene akhoza kuvoteredwa pamodzi ngati mtolo. Ganizo la phungu wamba limene silinafikidwe ndipo silinasankhidwe limangofa, osamvekanso. Madzi akatayika saoleka, ndipo kalata imene yafika kwa phungu m'mawa mwake, ngakhale ikhale yanzeru chotani, yapeza nkhani itatha.

Choncho ntchito yeniyeni ili m'masiku a m'mbuyo mwa tsikulo. Maganizo osintha bilu amayenera kuperekedwa kwa makalaliki a nyumbayi masiku atatu ogwira ntchito lisanafike tsiku lokambirana, ndipo amasindikizidwa pamodzi ndi mayina a aphungu amene awasainira. Sipikala ndiye amasankha amene akambidwe n'kuwaika m'magulu, ndipo mndandandawo umatuluka patatsala nthawi yochepa. Sapereka zifukwa za chisankho chake, koma n'zodziwika kuti ganizo limene lasainidwa ndi aphungu ambiri a zipani zosiyanasiyana limakhala ndi mwayi waukulu. Mukalembera phungu wanu, musangomuuza kuti mukuda nkhawa ndi kusintha kwa nyengo, chifukwa makalata otere amayankhidwa ndi mawu okonzeratu. Mutchulireni nambala ya ganizolo, mumupemphe aikepo dzina lake, ndipo mumuuze tsiku lomaliza. Mndandanda wa Sipikala ukatuluka, onani gulu limene ganizo lanu lagweramo; likakhala kumapeto pa tsiku lopanda maola otetezedwa, chiyembekezo chanu chili pa kusankhidwa kuti livoteredwe palokha. Dziwaninso kuti Sipikala ali ndi mphamvu, pansi pa lamulo la nambala 47, yoika malire pa zolankhula za aphungu wamba, ndipo ofuna kulankhula akachuluka malirewo amatsika mpaka mphindi zitatu. Phungu amene mwamupatsa masamba khumi sangawagwiritse ntchito. Mupatseni mfundo imodzi ndi chitsanzo chimodzi.

Mbiri ya lamulo la zanyengo lotchedwa Climate Change Act 2008 ikuonetsa ubwino wa mipata ya pakati pa magawo. David Miliband, ali nduna ya zachilengedwe, anatulutsa bilu yongoyerekeza mu Malichi 2007, ndipo komiti ya nyumba zonse ziwiri, ya Commons ndi ya Lords, yotsogozedwa ndi Lord Puttnam inaiunika bilu yeniyeni isanalembedwe. Bilu yeniyeniyo inayambira ku House of Lords, nyumba yachiwiri imene mamembala ake sasankhidwa ndi anthu, mu Novembala 2007, ndipo aphungu a Commons anaiwerenga kachiwiri pa 9 Juni 2008. Nthawi yonseyo inkanena zochepetsa mpweya ndi 60 peresenti pofika 2050 poyerekeza ndi mlingo wa 1990, pamene mabungwe monga Friends of the Earth ndi aphungu ambiri ankafuna 80. Komiti itamaliza, nyumba inapita kutchuthi, ndipo mu Okutobala akatswiri a Committee on Climate Change motsogozedwa ndi Adair Turner analangiza 80 peresenti. Ed Miliband, amene anali atangopatsidwa unduna watsopano wa zamphamvu ndi kusintha kwa nyengo, anavomera. Pa 28 Okutobala 2008, usiku umene chipale chofewa chinagwa mu London nthawi yake isanakwane, gawo la lipoti ndi kuwerenga kachitatu zinachitika tsiku limodzi, ndipo bilu inadutsa ndi mavoti 463 kwa 3, n'kukhala lamulo pa 26 Novembala. Nambala yofunika kwambiri m'lamuloli inasinthidwa pa tsiku limodzi lokhala ndi mpeni wake, koma inapsa m'miyezi ya mpata imene anthu analimbikira kuseri. Pakanapanda miyezi imeneyo, sindikhulupirira kuti maola ochepa a tsikulo akanakwanira.

Sindikufuna kuti muchoke ndi maganizo akuti malire a nthawi ndi chiwembu cha boma basi. Anabadwa chifukwa cha vuto lenileni. Mu 1881 aphungu a ku Ireland otsatira Charles Stewart Parnell analankhula mosinthanasinthana kuti atsekereze bilu imene ankaiona kuti ikupondereza anthu awo, mpaka nyumba inakhala maola 41 osaweruka, ndipo pa 2 Febuluwale Sipikala Henry Brand anadula zokambiranazo mwa mphamvu zake zokha. Chaka chotsatira panabwera lamulo lotsekera mkangano, ndipo mu 1887 panayamba njira yoduliratu nthawi ya bilu yonse. Popanda malire, aphungu atatu okha odana ndi lamulo la zanyengo akanatha kuliimitsa chaka chonse. Ngakhale pabwalo la amfumu, mlandu umafika poti onse amveka ndipo uyenera kugamulidwa. Muyeso umene ine ndimagwiritsa ntchito ndi uwu: mpeni utagwa, kodi panatsala ndime zingati zimene palibe amene anazikambapo? Tsegulani Hansard ya tsikulo, yerekezani ndi mndandanda wa Sipikala, ndipo muwerenge magulu amene sanafikidwe. Ngati ndinu mtolankhani, nkhani yanu ili pamenepo, ndipo ndi yolemera kuposa kungonena amene wapambana voti.

Ku House of Lords wotchi imayenda mosiyana. Kulibe pempho la ndondomeko, kulibe mpeni, ndipo ganizo lililonse losintha bilu likhoza kukambidwa ngati mwini wake akufuna, ngakhale pa kuwerenga kachitatu. Palibe chipani chimene chili ndi mamembala oposa theka, ndipo ena mwa iwo ndi opanda chipani, kuphatikizapo asayansi ndi oweruza opuma. Mfundo imene yafa ndi mpeni ku Commons ikhoza kuukitsidwa kumeneko, choncho musataye mtima. Pezani membala amene analankhulapo pa nkhaniyo pa kuwerenga kachiwiri ndipo mumutumizire mawu omwe aja. Zimene a Lords asintha zimabwerera ku Commons, kumene kawirikawiri zimapatsidwa ola limodzi lokha, ndipo bilu imapita uku ndi uku mpaka nyumba ziwirizi zigwirizane. Yang'aniraninso mapeto a chaka cha nyumbayi, pakuti bilu imene sinathe imafa pokhapokha itavomerezedwa kuwolokera m'chaka chotsatira. Environment Bill inabwera mu Okutobala 2019, inafa nyumba itathetsedwa chifukwa cha chisankho cha mu Disembala, inabweranso mu Januwale 2020, inawolotsedwa mu 2021, ndipo inakhala lamulo pa 9 Novembala 2021, msonkhano wa mayiko wokambirana zanyengo wa COP26 uli m'kati ku Glasgow.

Lachisanu: pamene nthawi imapha bilu popanda voti

Bilu ya phungu payekha ilibe ndondomeko yoiteteza, ndipo apa ndi pamene anthu ofuna zabwino amakhumudwa kwambiri. Kumayambiriro kwa chaka cha nyumbayi kumachitika maere ndipo mayina 20 amatuluka, koma asanu ndi awiri oyambirira okha ndi amene amakhala ndi chitsimikizo chokhala oyamba pa Lachisanu lawo. Nyumba imayamba 9:30 m'mawa n'kuweruka 2:30 masana, ndipo mwa chizolowezi pa tsikuli sipaikidwa malire pa zolankhula. Wodana ndi bilu safunika kupambana voti, amangofunika kulankhula mpaka nthawi ithe. Onerani kamodzi pa kanema wa nyumbayi kuti muone ndi maso anu. Mabenchi obiriwira amakhala pafupifupi opanda anthu chifukwa aphungu ambiri apita kumadera awo, wina waimirira ndi mulu wa mapepala akufotokoza mbiri ya liwu limodzi, ndipo wotchi ikangofika 2:30 wapampando amamudula pakati pa chiganizo n'kufunsa tsiku lodzapitiriza. Mwini bilu amatchula tsiku, koma pa tsikulo bilu yake idzakhala kumunsi kwa mndandanda. Kenako kalaliki amawerenga mitu ya mabilu otsala umodziumodzi, ndipo liwu limodzi lofuula kuti likukana, kawirikawiri la whip wa boma, limakwanira kuimitsa iliyonse.

Chida chokhacho chimene mwini bilu ali nacho ndi pempho lotseka mkangano, lotchedwa closure, pansi pa malamulo a nambala 36 ndi 37. Wapampando akhoza kulikana ngati akuona kuti zokambirana sizinakwanire kapena kuti ochepa akuponderezedwa, ndipo akalilola, silidutsa pokhapokha aphungu osachepera 100 atavotera mbali yovomereza. Mukhoza kupambana 90 kwa 5 n'kulepherabe. Ndiye funso lofunsa phungu wanu lisakhale lakuti kodi amaikonda biluyo, pakuti kukonda sikuwerengedwa. Mufunseni ngati adzakhala ku Westminster Lachisanu limenelo mpaka 2:30, ndiponso ngati adzavotera kutseka mkangano. Pa 24 Januwale 2025, Climate and Nature Bill ya Roz Savage, phungu wa Liberal Democrats wa dera la South Cotswolds amene anatuluka wachitatu pa maere, inakambidwa kwa maola angapo, koma atakambirana ndi nduna mwini wakeyo anavomera kusaikakamiza, ndipo nyumba inavota 120 kwa 7 kuti zokambirana ziimikidwe. Biluyo sinakanidwe, koma sinapitenso patsogolo. Mabilu otere amadutsa boma likawagwira dzanja, monga zinachitikira ndi Climate Change and Sustainable Energy Act 2006 ya Mark Lazarowicz, imene inapulumuka ngakhale ena anayesa kuitalikitsira zokamba. Mukaona kuti boma silinanene poyera kuti likuvomereza, werengerani aphungu 100 amene alonjeza ndi pakamwa pawo kuti adzabwera, ndipo ngati sakukwana, gwiritsani ntchito tsikulo kufinya lonjezo lomveka kuchokera kwa nduna.

Malamulo aang'ono ndi mabajeti a mpweya

Tibwerere ku mphindi 90 zija. Lamulo la 2008 linapatsa nduna mphamvu yosintha mlingo wa 2050 kudzera m'lamulo laling'ono lotchedwa statutory instrument, malinga nyumba zonse ziwiri zivomereze, ndipo umu ndi momwe boma la Theresa May linakwezera mlingowo kuchoka pa 80 kufika pa 100 peresenti, n'kuyamba kugwira ntchito pa 27 Juni 2019. Mabajeti a mpweya, amene amaika malire a mpweya umene dzikolo lingatulutse m'zaka zisanu zilizonse, amadutsanso m'njira yomweyi. Lamulo laling'ono silisinthidwa, aphungu amangolivomera kapena kulikana lonse. Ambiri mwa malamulo otere safika n'komwe m'chipinda chachikulu kuti akambidwe, amapita ku komiti yaing'ono imene ili ndi mphindi zosapitirira 90 ndipo kawirikawiri imamaliza zisanathe, kenako nyumba yonse imavomereza popanda kukambirana. Bajeti yachisanu ndi chimodzi, ya zaka za 2033 mpaka 2037, imene imafuna kuchepetsa mpweya ndi 78 peresenti pofika 2035, inadutsa motero mu Juni 2021, ndipo mu Seputembala 2023 Rishi Sunak, ali nduna yaikulu, anadandaula kuti inakambidwa mphindi 17 zokha, n'kugwiritsa ntchito mfundo imeneyo pochedwetsa zina mwa ndondomeko za zanyengo. Izi zimandipweteka, chifukwa zikuonetsa kuti lamulo labwino limene ladutsa mothamanga limasowa olitchinjiriza pa tsiku limene ena aliukira.

Popeza simungasinthe mawu a lamulo laling'ono likaikidwa patebulo, lankhulani lisanalembedwe. Lamulo la 2008 limanena kuti bajeti iliyonse ikhazikitsidwe pasanadutse pa 30 Juni m'chaka cha 12 nthawi yake isanayambe, kotero tsiku lake limadziwika kalekale: ya zaka za 2038 mpaka 2042 malire ake ndi 30 Juni 2026, ndipo akatswiri a Climate Change Committee anapereka malangizo awo mu Febuluwale 2025, olimbikitsa kuchepetsa mpweya ndi 87 peresenti pofika 2040. Miyezi ya pakati pa malangizo a akatswiri ndi chikalata cha nduna ndiyo munda wanu, pa bajeti imeneyi ndi pa ina iliyonse yotsatira. Onani ngati komiti ya aphungu yotchedwa Environmental Audit Committee yatsegula kafukufuku ndipo tumizani umboni kumeneko. Chikalata chikatuluka, komiti ya a Lords younika malamulo aang'ono imalandira ndemanga za anthu, koma imagwira ntchito mwachangu, choncho tumizani m'masiku oyambirira. Ndipo pemphani phungu wanu kuti aimirire Lachinayi, pamene mtsogoleri wa zokambirana wamaliza kulengeza ntchito za sabata, afunse kuti bajetiyo ikambidwe m'chipinda chachikulu, pa nthawi ya boma, kwa tsiku lathunthu.